Boom ikumagwa ndikatsitsa thanga, nditani?

FUNSO: Akulu a zamaboti, ndili ndi kaboti ka matanga kotalika pafupifupi mamita 6, ndinagula kwa munthu. Vuto ndi loti ndikangotsitsa thanga lalikulu boom, mtengo wogona uja wogwira thanga m'munsi, imagwa mpaka kugunda denga la kabini, pena amene akhala kumbuyo amachita kuiwakha ndi manja. Mnzanga akuti ndizingoikola ndi kangowe ku waya wakumbuyo uja wogwira mlongoti, basi nkhani yatha. Kodi n'zoona kapena pali njira ina yabwinoko? Ndine wowerenga wanu.

YANKHO: Achimwene, boom imagwiridwa mbali imodzi yokha, kutsogolo komwe yalumikizidwa ku mlongoti ndi kachitsulo kotembenuka kotchedwa gooseneck. Kumapeto kwake imanyamulidwa ndi thangalo likakhala m'mwamba, nde mukatsitsa palibenso choigwira, iyenera kugwa basi. Musaitenge ngati nkhani yaing'ono, gooseneck ija imapindika kapena kugwedera ikamagundidwa chonchi pafupipafupi, komanso taganizani mwana atakhala pansi pakepo.

Zomwe mnzanuyo akunena zilipodi. Maboti ambiri ang'onoang'ono amakhala ndi kawaya kafupi ka ngowe kolendewera pa backstay (waya wakumbuyo uja wogwira mlongoti), amakatcha pigtail, ndipo boti likaima padoko kamagwira ntchito bwinobwino. Koma panyanja ine sindikakhulupirira. Boom ikakoledwa pamenepo siingapite kumanzere kapena kumanja, nde tsiku lina mudzakweza thanga mutaiwala kukolola, mphepo n'kubwera cham'mbali, inu n'kumasula mainsheet, chingwe chowongolera boom, kuti thanga litaye mphepo koma boom osasuntha ayi, boti n'kupendekeka, ndipo ngowe imene yakokeka mwamphamvu chonchija sikoloka msanga ngakhale mulimbane nayo ndi manja awiri. Potsitsanso ndi chimodzimodzi, muyenera kubweretsa boom pakatikati kenako kuimirira n'kumasakasaka kangowe m'mwamba boti likugwedezeka ndi mafunde.

Ikani topping lift. Ndi chingwe chabe chochokera pamwamba penipeni pa mlongoti kufika kumapeto kwa boom, pa boti ngati lanulo cha mamilimita 5 kapena 6 chakwana. Njira yosavuta, mangani chingwecho pamwamba pa mlongoti, kumapeto kwa boom chidutse pa kapule kakang'ono, kenako chiyende motsata boom kubwera kutsogolo n'kumangidwa pa cleat, kachitsulo komangirapo zingwe. Cleat imeneyi iikeni chakutsogolo ndithu, malo oti muzifikira ngakhale boom itatuluka kunja kwa boti. Ena amachidutsa pa pule ya pamwamba n'kutsikira m'munsi mwa mlongoti, ntchito yake ndi yambiriko koma ubwino wake chimakhalanso chingwe chapadera chokwezera thanga ngati chenichenicho chaduka.

Kagwiritsidwe kake ndi komwe ambiri amasokoneza. Mukafuna kutsitsa, lozetsani boti komwe kukuchokera mphepo, masulani mainsheet ndi vang (chingwe chokokera boom pansi) pang'ono, kokani topping lift mpaka boom itadzuka pang'ono, kenako tsitsani thanga. Likatsika kokaninso mainsheet kuti boom isamavinevine uku ndi uku, izikhala yogwiridwa kumwamba ndi pansi pomwe. Mukakweza thanga musaiwale kumasula chingwe cha topping lift chija! Chikatsala chokungika boom imakhala ikulendewera pa chingwe m'malo mwa thanga, m'mphepete mwa thanga chakumbuyo mumakhala motayirira, boti limakanika kukwera mphepo, inu mukukoka mainsheet ndi mphamvu zonse osadziwa kuti mukulimbana ndi chingwe chanu chomwe. Chovuta chake chimodzi, chikamasulidwa chimakwapulakwapula thanga ndipo pena chimakola ma batten (timitengo tolimbitsa thanga) boti likamatembenuka, koma kalabala kochikokera ku backstay kamachepetsa zimenezo.

Pamene simunaike topping lift, gwiritsani chingwe chokwezera thanga chija. Thanga likatsika chimasuleni, mukachikole kumapeto kwa boom n'kukoka. Kungoti pamakhala kamphindi koti thanga latsika koma chingwe sichinafike kumbuyo, nde pafunika wina agwirizire boom. Ndipo pofupikitsa thanga mphepo ikakula, ija amati reefing, njira imeneyi siithandiza chifukwa chingwecho chimakhala chili pantchito, pomwe nthawi imeneyo ndi imene boom imafuna choigwira kwambiri.

Ziliponso zonyamula boom kuchokera pansi, rigid vang ya sipuling'i mkati kapena Boomkicker ya timitengo ta fibreglass topindika. Ndi zabwino, thanga silikwechesedwa ndi chingwe chilichonse, koma n'zokwera mtengo ndipo nthawi zambiri mumafunika kuboola boom, pa kaboti kanu ine ndingayambe ndi chingwe kaye.

Boti likamakhala nthawi yaitali osayenda, khomani matabwa awiri opingasana ngati sizasi, muike nsalu yochindikala pomwe boom igonepo, muigoneke pamenepo n'kukoka mainsheet. Apo gooseneck ndi zingwe zimapuma. Topping lift yokhayo muziiyang'ana pafupipafupi makamaka pamwamba pomwe yamangidwa, dzuwa ndi kukwecheka zimaidya malo amene maso safika, ndipo muwauze okwera nawo asamatsamire boom ikakhala pa chingwe chokhachi.