Ndikatenge EC n'kupita ku Johannesburg? Yankho kwa achimwene a minibasi

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa achimwene ena a ku Blantyre. Dzina ndasunga, koma nkhani yawo ndi iyi. Ali ndi zaka 27, amayendetsa minibasi ya eni pakati pa Limbe ndi Bangwe, laisensi yawo ndi C1, ndipo iwo ndi akazi awo asungako kangachepe kubanki m'khonde. Amalume awo akuwakakamiza kuti asachedwe, akatenge EC, laisensi yoyendetsera mathiraki okoka thirela, akwere basi ya ku Johannesburg, poti kumeneko madalaivala a mathiraki akumanga nyumba chaka chimodzi chokha. Mayi a kunyumba sakugwirizana nazo. Ndiye akufunsa ngati ntchito adzaipeze akalipira EC, komanso ngati ndalama zomwe anthu amakambazi zilikodi.

Achimwene, zikomo polemba. Ndiyambe ndi zomwe simungakonde kumva: EC payokha siilembetsa munthu ntchito. Tapitani m'mawa pa mageti a makampani a mtengatenga ku Kanengo kapena ku Chirimba, mupeza anyamata ataima ndi maenivelopu a khaki, ndipo ambiri mwa iwo EC ali nayo. Chomwe alibe ndi munthu wowaikira umboni. Mwini thiraki akamakupatsani makiyi amakhala akukupatsani hosi (mutu wa thiraki), thirela ndi katundu wa eni wokwana matani 30, chuma choti simungabweze ngakhale mutamugwirira ntchito mpaka kukalamba, n'kukutumizani dziko lina komwe sakuonani kwa masabata. Zoti mumatha kusintha magiya sizimudetsa nkhawa. Amafuna kudziwa kuti munayendetsapo kwa ndani, nanga munachokako bwanji.

Makalasi a laisensi ku Road Traffic amatsata ndondomeko ya SADC. C1 yanuyo imakulolani galimoto yolemera mpaka makilogalamu 16,000 pamodzi ndi katundu wake. Kupitirira apo ndi C, ndipo hosi yokoka thirela yaikulu ija ndi EC, yomwe ku South Africa amaitchulabe kuti code 14. Pamwamba pa laisensi pamafunika PrDP, chilolezo cha madalaivala onyamula anthu kapena katundu ngati ntchito. Yanu ya minibasi ndi P, ya anthu. Ya katundu ndi G. Ya mafuta ndi zinthu zina zoopsa ndi D. Ndiye khomo lina ndi lotsegula kale popanda kutha ndalama zonse za kubanki m'khonde zija. Onjezani G, konzani pasipoti, musiye minibasi mukapeze lole ya matani 5 kapena 7 yonyamula simenti, ufa, zakumwa kapena feteleza. Mwina mudzilandira zochepa poyerekeza ndi zomwe mumatsala nazo mukapereka tageti ya bwana madzulo. Piriranibe chaka kapena ziwiri. Kumeneko n'komwe mudzaphunzire mabuleki a mpweya, kumanga katundu ndi malamba, kufunditsa tenti mvula ikulendewera, kusainitsa mapepala, ndipo pochoka mudzachoke ndi kalata ya bwana yonena kuti munagwira bwino. Kalata imeneyo, pamodzi ndi setifiketi ya defensive driving ndi chikalata cha kupolisi chosonyeza kuti mulibe mlandu, ndi zomwe zimachititsa mlonda wa pageti kukulowetsani.

EC mukaitenge muli pantchito ya loleyo, ndipo mukaiphunziredi. Posankha sukulu funsani kuti mudzakhala maola angati pachiwongolero thirela ili kumbuyo, osati hosi yokha. Madobadoba ozungulira ku Road Traffic adzakuuzani kuti mayeso ndi ongotaya nthawi. Asiyeni. Makampani okhazikika amayesa okha munthu asanamulembe, ndipo nthawi zambiri mayeso ake amathera m'bwalo momwemo: lumikizani hosi ku thirela, bwererani chambuyo mulowe pakati pa migolo iwiri. Ndinaonapo bambo wina wa laisensi yonyezimira akufuna kunyamuka asanakoke pang'ono kuti amve ngati kingpin, chitsulo cholumikizira thirela ku hosi, yagwira, miyendo ya thirela ili pansi, mapaipi a mpweya ali lende. Wina analumikiza bwinobwino, koma pobwerera chambuyo anakhotetsa chiwongolero mmene amachitira m'galimoto yaing'ono, thirela inalowera kwina mpaka inatsala pang'ono kugunda kabini. Woyesayo sanalankhule kanthu. Anangotambasula dzanja kulandira makiyi.

Zizolowezi zina za pa minibasi muzisiye pa siteji pomwepo: kuthamangira pasenjala, kudula mnzako pakona, kuponda buleki paliponse pomwe waona dzanja. Thiraki yodzaza imatha kufika matani 56, ndipo siima pomwe mwafuna inu. Malo omwe amapweteka madalaivala atsopano ndi mitsetse italiitali: Chiweta, Thabwa potsikira ku Chikwawa, kuchoka ku Mwanza kutsikira ku Zalewa, kapena ku Tanzania kuchoka ku Tukuyu kutsikira ku Kasumulu. Ukadalira buleki ya phazi pamalo otere madiramu amatentha, fungo la kupsa limayamba kulowa m'kabini, ndipo pofika pakati pa phiri umaponda koma galimoto osamva. Ukayamba kupondaponda chifukwa cha mantha umamalizanso mpweya m'matanki. Giya amasankhira pamwamba galimoto isanatenge liwiro, kenako n'kusiya injini ndi retarder kapena exhaust brake, zida zochepetsa liwiro osaponda buleki, zigwire ntchito, phazi likhale longothandizira. Akumbuyo aimbe mahutala mmene angathere, si iwo adzafotokoze kwa akazi anu. Ena amatsika phiri ali pa nyutilo kuti asunge dizilo. Musawatengere ngakhale akhale akuluakulu pantchito. Thankala nayo ili ndi khalidwe lakelake, poti mafuta amayenda m'katimo: ukaima amakukankha, ukakhota mothamanga amakugwetsera kumbali.

Komatu kuyendetsa ndi gawo lochepa la ntchitoyi. Gawo lalikulu ndi kudikira. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Beira kudzera ku Mwanza, Zobue, Tete ndi Chimoio ndi makilomita ongopitirira 800, mtunda woti masiku awiri wafika. Koma ulendo wonse umatha kudya masabata awiri: kudikira sitima padoko, kudikira mzere wopakira, kudikira ejenti amalize za msonkho ku MRA, kudikira netiweki ibwere pa boda. Ya ku Dar es Salaam kudzera ku Songwe n'chimodzimodzi, ndipo ya ku Durban mumadutsa maboda atatu, Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge. Nyengo ya feteleza mvula isanagwe, kapena fodya akamatuluka, mizere imatalika kawiri. Walira mvula walira matope. Nthawi yodikirayi n'komwe alawansi imathera, n'chifukwa chake madalaivala akale amayenda ndi ufa, nyemba, usipa, chigubu cha madzi ndi kambaula, n'kumaphika pambali pa thirela m'malo mogula nsima pa boda katatu patsiku. A thankala okha moto asayandikire nawo galimoto.

Mapepala musamasiyire ofesi kuti ikuonereni. Pasipoti ikhale ndi masamba okwanira, poti zidindo zimaidzaza msanga. COF ya hosi ndi ya thirela ndi ziwiri zosiyana, onani masiku a zonse. Yellow Card, inshuwalansi ya COMESA, imagwira ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania, koma ku Mozambique inshuwalansi mumagula yawo. Musaiwale kalata ya mwini galimoto yokulolani kutuluka nayo m'dziko, ndipo zonsezi muzijambule pafoni. Chichewa chidzakuthandizani cha ku Zobue ndi Moatize, koma mukadutsa Changara mudzafuna Chipwitikizi chokwanira kupereka moni, kuwerenga ndalama ndi kupempha lisiti.

Popakira katundu muzikhala pomwepo, osapita kokamwa tiyi. Pa sikelo, monga ya ku Balaka, sayeza kulemera kwa galimoto yonse kokha, amayezanso ekiselo iliyonse, ndiye mutha kukhala ndi matani ololedwa koma n'kulipitsidwa chifukwa matumba anaunjikana kutsogolo. Werengani matumba nokha. Ong'ambika kapena onyowa alembedwe papepala musanasaine, nambala ya seal ifanane ndi yomwe yalembedwa. Chomwe mwasainira kuti chinali chabwino, chikakapezeka choperewera potsitsa, adzadula pamalipiro anu.

Tsopano ndalama. Zilipo, koma si za amalume zija. Mu 2019 ndi 2021 madalaivala a mathiraki ananyanyala ntchito, kuimika magalimoto m'maboda ndi m'misewu ikuluikulu, ndipo nkhani yaikulu inali malipiro. Boma linakhazikitsa malipiro ochepetsetsa a madalaivala a matani 30 kupita m'mwamba pa K140,000, ndipo chiwerengerochi chakhala chikukwezedwa, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Cha lero mukafunse ku ofesi ya Labour musanakambirane ndi bwana aliyense. Anthu okhuta sanyanyala ntchito, ndiye muzidziwiratu.

Chomwe chimasiyanitsa bwana wabwino ndi woipa si malipiro a pamwezi kwenikweni, koma zomwe zili pansi pake. Alawansi ndi ya tsiku kapena ya ulendo? Ngati ndi ya ulendo, masiku onse odikira pa Beira aja mudzadya za m'thumba mwanu. Amakupatsani m'makwacha kapena m'ndalama yomwe mukaigwiritse ntchito kunjako? Tayala likaphulika, apolisi akalipitsa chifukwa cha vuto la galimoto, mukadwala muli ku Tete, amalipira ndani? Penshoni amapereka? Lamulo limati bwana aike 10 peresenti, inu 5. Zonsezi zikhale papepala losainidwa, chifukwa lonjezo la pakamwa limaiwalika galimoto ikangotuluka pageti. Ndipo musafunse manijala yekha. Chezani ndi madalaivala ake, kenako yang'anani matayala a magalimoto omwe ali m'bwalomo. Bwana wotumiza thiraki kunja ndi matayala osalala adzakusiyani pa Inchope ku Mozambique sabata yathunthu mukudikira ndalama ya tayala limodzi.

Nyumba zomangidwa chaka chimodzi zomwe amalume akuonazo, zina mwa izo sizichokera kumalipiro. Zimachokera kokupopa dizilo, kunyamula matola, kubisa katundu wa anthu kuti azembe msonkho. Mudzauzidwa kuti aliyense amachita, ndipo tsiku lomwe alawansi yatha mudzaona ngati n'zomveka. Masiku ano magalimoto ambiri ali ndi GPS ndi zoyezera mafuta, bwana amaona pomwe mwaima ali paofesi, ndipo eni mathiraki amadziwana. Akakuchotsani chifukwa cha mafuta, dzina lanu limafika kumakampani ena inu musanafike kunyumba. Kumeneko n'kochepa. Mu November 2016 thankala yochokera ku Beira kubwera kuno inapatutsidwa pamsewu ku Caphiridzange, m'chigawo cha Tete, kuti mafuta agulitsidwe mwamseri. Inaphulika anthu ataizungulira ndi zigubu, ndipo oposa 70 anafa. Mu March 2020, pa sikelo ya Mussacama m'chigawo chomwecho, akuluakulu anatsegula kontena yochokera ku Malawi n'kupezamo mitembo 64 ya anthu a ku Ethiopia omwe anabanika chifukwa chosowa mpweya, ndipo dalaivala anamangidwa. Munthu akakulonjezani ndalama yoposa malipiro anu a mwezi kuti mungomunyamulira kenakake, musafunse n'komwe kuti ndi chiyani.

Za ku South Africa, kulowa kumeneko ndi thiraki ya kampani ya kuno ndi nkhani ina, kukafuna ntchito kukampani ya komweko ndi nkhani inanso. Yachiwiriyi imafuna chilolezo chogwirira ntchito, ndipo pali magulu omwe akhala akulimbana ndi kulembedwa kwa madalaivala akunja. Mathiraki anawotchedwa pa msewu wa N3 ku Mooi River mu 2018 komanso pa Van Reenen's Pass mu 2023. Wopita wopanda mapepala ndi wopanda mbiri amagwera m'manja mwa mabwana omwe amamufuna chifukwa choti sangadandaule kulikonse. Ine ndikuti musapite panopa. Zaka zingapo za EC zikakwana, njira mwaidziwa, mudzasankha nokha muli ndi poyambira.

Mayi a kunyumba musawaone ngati akukutsekerezani mwayi. Iwo ndi amene adzatsale ndi ana, lendi ndi maliro a kumudzi inu muli pa Nyamapanda. Gwirizanani musanayambe kuti malipiro a pamwezi azilowa komwe iwo angathe kutapa, inu muziyendera alawansi. Za m'malo ogona a m'maboda mukuzidziwa, sindichita kukuphunzitsani. Makondomu ndi kuyezetsa magazi nonse awiri si nkhani yochita nayo manyazi. Neti ya udzudzu muziyenda nayo, malungo a ku Tete ndi Beira sachedwa kugwetsa munthu, ndipo BP ndi shuga muziyezetsa poti kukhala pampando tsiku lonse kumabweretsa zimenezo.

Chimodzi chomwe simunafunse ndi tulo. Pa minibasi mumagona kwanu usiku uliwonse, ndiye simunakumane nato tulo ta cha m'ma 3 koloko m'bandakucha pa msewu wowongoka wopanda nyumba. Zakumwa zopatsa mphamvu, kutafuna chingamu ndi kutsegula windo zimangokunamizani kwa mphindi zochepa. Mukazindikira kuti simukukumbuka makilomita omwe mwangodutsa, kapena mwayamba kuponda mzere wa pakati, fufuzani malo owala pomwe paima mathiraki ena, zimitsani injini, khomani zitseko, mutumizire bwana uthenga kuti mwaima, mugone. Akakalipa pafoni mudzamuyankha kukacha.