Pikapu ya lizi kapena yanuyanu: yankho kwa achimwene ofuna kuyamba geni ya kunja

Achimwene, mwafunsa ngati kuli bwino kutenga pikapu ya lizi kubanki kapena kugula yanuyanu n'kuikonza momwe mukufunira kuti muzikaoda katundu ku Milange ndi ku Tete m'dziko la Mozambique. Mwafunsanso ngati zokonzazo zimakweza mtengo tsiku logulitsa.

Galimoto ya lizi ndi ya banki kufikira mutamaliza kulipira. Ubwino wake ndi woti mpamba wanu suthera m'galimoto, mumatsala ndi ndalama zoodera katundu. Koma kwa ife odutsa malire pali chovuta. Pa Muloza kapena pa Mwanza adzafuna kalata ya eni galimotoyo yokulolani kutuluka nayo m'dziko, kuwonjezera pa blue book, pepala lolowetsera galimoto kwa kanthawi ndi inshuwalansi ya ku Mozambique. Musadalire Yellow Card, inshuwalansi ya galimoto ya mayiko a m'bungwe la zamalonda la COMESA, chifukwa Mozambique si membala wa COMESA. Ndipo simungawotcherere chitsulo chilichonse pagalimotoyo eni ake osavomera. Mwezi umene geni yavuta, banki imafunabe zake.

Ine ndimakonda yangayanga, ngakhale ikhale yakale. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anali ndi Hilux yawo anaona mtengo wake ukukwera, pamene a ngongole ankalimbana ndi chiwongoladzanja.

Tsono pa zokonza m'pamene ambiri amadzipweteka. Wogula salipira ndalama zimene munawononga kwa owotcherera. Akafika amagwada n'kusuzumira kunsi. Akaona kuti chasisi inadulidwa n'kulumikizidwa kuti kumbuyo kutalike, kapena mwawonjezera masipuling'i, amadziwa kuti galimotoyo inkasenza matumba oposa mphamvu yake, ndipo mtengo amautsitsa pomwepo. Nambala ya chasisi isakhudzidwe n'komwe, chifukwa a Road Traffic amaiyang'ana posintha umwini. Mukasintha injini kapena mtundu wa penti, kalembetseni msanga kuti mapepala agwirizane ndi galimoto. Zikasemphana, pamalire mudzagona.

Ikani zinthu zomanga ndi mabawuti: kanope, zitsulo zotchingira katundu m'mbali, keriya ya pamwamba. Tsiku logulitsa mumamasula, kanope n'kugulitsa payekha, galimoto n'kubwerera momwe inachokera kufakitale. Chilichonse chimene mwachotsa, kaya bampala kaya malimu, sungani kunyumba. Kwathu kuno funso loyamba la wogula ndi lakuti sipeya wake apezeka kuti. N'chifukwa chake Toyota ndi Isuzu sizichedwa pamsika: makaniko wa kuno ku Zomba amazidziwa, ndipo sipeya ali ku Limbe.

Ngati masiku opanda ulendo muzidzanyamula nsomba za ku Kachulu, yalani mphira kumbuyoko. Madzi a nyanja ya Chilwa ali ndi mchere, ndipo dzimbiri likalowa pansi pa bodi palibe penti yolibisa.

Ngati mpamba ndi wochepa kwambiri, yambani ndi kuchita hayala galimoto pa ulendo uliwonse, muone kaye ngati katundu wanu akuyenda ku Songani, ku Jali ndi ku Thondwe musanasaine pepala lililonse la banki.