Khwekhwelere inandiphunzitsa za malole akale

Achimwene, mwanditokosa pachilonda ndi nkhani yanu ya asilikali ogula madroni koma malole ali a nthawi ya Kamuzu. Ine malole amenewo ndawagwira chiwongolero zaka zambiri ndisanapume n'kubwerera kuno ku Lizulu.

Tsiku lina tikutsika Khwekhwelere, kuchoka pa Masasa kulowera ku Golomoti, kumbuyo ndadzaza anyamata ndi zikwama zawo, mvula itangokata kumene. Pakona ina ndiponde buleki, phazi linangolowa mpaka pansi ngati ndaponda phala. Ndipope, ndipope, zii. Ndikankhe giya yaing'ono, ikungokukuta mano. Mbali iyi phompho, mbali iyo khoma la phiri. Kopolo amene ndinakhala naye kutsogolo anayamba kuitana mayi ake, munthu wandevu zake. Ndinangoti kaya, n'kukhotetsera lole kukhoma lija. Inakwecha mwala, galasi la m'mbali linathothoka, chitseko chinapindika ngati chitini cha sobo, fungo la matayala opsa lili ponseponse, mpaka inaima m'ngalande. Mnyamata wina anathyoka mkono, wina mano awiri anatsala pa mfuti yake. Nditatsika miyendo inakana kundinyamula, ndinakhala pansi m'matope. Ndiye ndiyang'ane m'kabini, wailesi yatsopano imene anatimangirira sabata yomweyo ili phee, pepala lapulasitiki lisanamatulidwe n'komwe. Pansi pa lole paipi ya buleki itang'ambika pomwe tinamanga ndi mphira wa chubu.

Paipi imeneyo ndinaipempha katatu, polemba! Bwana wina wa kusitolo ya masipeya, dzina sinditchula, ankangoti ndalama zapita ku zida zatsopano, pirira msilikali. Pa mlandu anaimirira ali bwinobwino, nsapato zikuwala, n'kunena kuti dalaivala ankathamanga. Makalata anga atatu aja anasowa m'faelo. Anandidula malipiro ine. Mpaka lero ndikamuona m'tauni ndimaoloka msewu.

Ndipo ife a ku Ntcheu musatiphunzitse za zida zokalamba, tinaika maliro a Saulos Chilima, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti, pa Nsipe. Ndege ya asilikali ya Dornier 228 imene inagwa nawo ku Chikangawa pa 10 June 2024 inabwera m'dziko muno mu 1988, ndipo ofufuza a ku Germany anapeza kuti batire la kachipangizo kolozera pomwe ndege yagwera linatha nthawi yake mu 2004. Batire, abale.

Komabe amene mukuti zakale zonse zitayidwe, dikirani kaye. America ndi chuma chake chonse ikuulutsabe B-52, ndege zimene anasiya kupanga mu 1962, akungozisintha mainjini ndi zamagetsi. Russia inakafukula akasinja a T-62 m'nkhokwe kupita nawo ku Ukraine. Palibe dziko logula zonse tsiku limodzi, umasintha gulu limodzi, enawo akudikira ndi zomwe ali nazo. Kunena zoona, mutandiikira lole yakale ija ndi yatsopano yamakompyuta, ndikwera yakale. Ikafa kutchire ndimaidzutsa ndi sipanala ndi waya pansi pa mtengo, pomwe yatsopanoyi ikangoyatsa kagetsi kofiira mudikira munthu wa laputopu kuchokera ku Lilongwe. Achimwene, mwana wanu uja mukuti akufuna kulowa usilikali, musamuletse, apite, ndipo akasankhe za umakaniko. Kungoti chilichonse chimene wapempha azisunga kope lake kunyumba, m'sutikesi ya mayi ake.