Malungo si "contagious": yankho kwa mayi wa ku Namwera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Namwera. Mwana wawo wa Fomu 4 analemba m'chimangirizo cha Chingerezi kuti "malaria is contagious", ndipo aphunzitsi anachonga kuti walakwitsa. Mayiwo akufunsa kuti cholakwika n'chiyani, popeza aliyense amadziwa kuti malungo amafala.

Mayi, ndinkafuna kukuyankhani m'mizere itatu, koma funso lanu landikumbutsa nkhani imene yakhala ikundivutitsa mumtima kwa zaka zambiri. Ndinakulira m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ya Malombe pamodzi ndi msuweni wanga amene anali ndi khunyu. Tsiku lina m'mawa, ngalawa zikukocheza ndi kambuzi, iye anagwa m'mphepete mwenimweni mwa madzi, thovu likutuluka kukamwa. Pagombepo panali anthu ambiri, amayi ogula nsomba ndi mabeseni awo komanso anyamata okoka makoka, koma onse anafutukira kumbuyo. Nditathamanga kuti ndimugwire, mayi wina wachikulire anandikoka mkono nati, "Usamukhudze, malovu akewo akakugwera nawenso uyamba kugwa." Ndinali ndi zaka 11, ndipo ndinamvera. Amene anamukokera kumtunda anali bambo wina wogula nsomba wochokera kutali, amene sankadziwa n'komwe dzina la mwanayo. Kuyambira tsiku limenelo msuweni wanga anapatsidwa mbale ndi chikho chakechake, anzake anasiya kukhala naye pafupi m'kalasi, ndipo analekeza sukulu ali Sitandade 5.

Khunyu si matenda opatsirana m'njira ina iliyonse. Ndi vuto la mu ubongo, limene nthawi zina limatsala mwana akavulala mutu, akavutika pobadwa, kapena akadwala malungo aakulu ofika ku ubongo. Zimenezi ndinazidziwa ndili kale kusekondale, ndipo manyazi amene ndinachita ndi amene amandichititsa kuti ndisamaone nkhani ya mawu ngati yaing'ono.

Pa Chichewa tili ndi mawu akuti "matenda opatsirana", ndipo timawagwiritsa ntchito pa chikuku, malungo, kolera, likodzo ndi mphere mofanana. Koma mawuwo akunena za anthu awiri, wina wopereka ndi wina wolandira, moti munthu akangowamva maso ake amapita kwa wodwala. Chingerezi chinagawa nkhaniyi pawiri. Mawu akuti "contagious" anachokera ku mawu a Chilatini otanthauza kukhudza, ndipo ndi apachibale ndi "contact". Amanena za nthenda imene imachoka kwa munthu kupita kwa mnzake mwa kukhudzana, kukhala moyandikana, kapena kupuma mpweya umene wodwala wakhosomolamo. Mawu akuti "infectious" anachokera ku mawu otanthauza kunyika chinthu mu utoto, ndipo amanena za nthenda iliyonse yoyambitsidwa ndi tizilombo tolowa m'thupi, kaya talowa bwanji. Choncho nthenda iliyonse imene ili "contagious" ilinso "infectious", koma pali nthenda zambiri zoyamba ndi tizilombo zimene simungazitenge kwa munthu mwachindunji.

Ife a kunyanja sitisowa zitsanzo. Mukhoza kugona pamkeka umodzi ndi munthu wa likodzo kwa chaka chathunthu osadwala, chifukwa mazira a tizilombo otuluka m'mkodzo wake ayenera kufika m'madzi, tizilomboto tikule kaye m'thupi la nkhono, kenako tituluke n'kuboola khungu la munthu wosamba kapena wochapa. Kafumbata amachokera m'dothi n'kulowera pachilonda. Malungo amafuna udzudzu wa mtundu wa Anopheles kuti uwanyamule. Chikuku ndiye "contagious" weniweni: tizilombo take timatha kukhala m'mpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri wodwala atatulukamo, ndipo mwa anthu 10 osalandira katemera amene akhala naye pafupi, pafupifupi 9 amadwala.

Kolera ndi amene anandionetsa kuti kusokoneza kumeneku kumapweteka anthu. Mliri umene unayamba kwa anansi athu ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse la Malawi, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Ndinaona ndi maso anga anthu akulambalala nyumba imene munali wodwala, ena akukana ngakhale kubwereketsa njinga yoti apite naye kuchipatala, koma madzulo ake anthu omwewo n'kumatunga madzi akumwa pamalo amodzimodzi amene aliyense ankasambapo ndi kuchapapo, osathiramo klorini. Kolera amayenda m'madzi ndi m'chakudya zimene zaipitsidwa ndi chimbudzi, ndipo wosamalira wodwala amene amasamba m'manja ndi sopo amakhala wotetezeka kuposa munthu wothawa wodwala n'kukamwa madzi a pagombe. Ngakhale ku London anthu ankakhulupirira kuti kolera amabwera ndi mpweya wonunkha, mpaka mu 1854 dokotala John Snow anasonyeza kuti ambiri mwa odwala ankamwa madzi a pa mjigo umodzi wa mu Broad Street, ndipo chogwirira cha mjigowo chinachotsedwa.

Apa ndiye ndimaimba mlandu ife amene timalemba ndi kumasulira mauthenga a zaumoyo, ndipo inenso ndili m'gulu lomwelo. Ndi ulesi kulemba "matenda opatsirana" pa chilichonse chifukwa chakuti mawuwo ndi aafupi ndipo amakwana bwino papepala. Chichewa chili ndi mawu okwanira. Tikhoza kunena kuti nthenda iyi imafala kudzera m'madzi, iyi imafalitsidwa ndi udzudzu, iyi ndiye anthu amapatsirana pokhosomola. Sindivomereza zoti anthu akumudzi sangamvetse kusiyana kumeneku, pakuti msodzi amene amasiyanitsa mwera ndi mpoto pongoyang'ana mafunde sangalephere kusiyanitsa njira zitatu za matenda ngati wina wamufotokozera.

Tanthauzo lina, la kuseka ndi mantha

Mawu akuti "contagious" amagwiranso ntchito mophiphiritsa. Akati "her laughter is contagious" akutanthauza kuti mayiyo akaseka aliyense amene ali pafupi amayamba kuseka, monga momwe kuyasamula kwa munthu mmodzi kumayambukirira basi yonse yopita ku Monkey Bay. Pa zinthu zosangalatsa monga kuseka ndi chidwi, "infectious" amalowanso bwinobwino, koma pa mantha ndi chipwirikiti mawu ozolowereka ndi "contagious". Kanema amene wafala pa WhatsApp kapena pa Facebook ali ndi mawu akeake akuti "viral". Ndipo akanena za munthu kuti "he is still contagious", ndiye kuti akadali pa nthawi yoti akhoza kupatsira ena.

Msuweni wanga uja masiku ano amakatenga mankhwala kuchipatala mwezi uliwonse, amasoka maukonde, ndipo ndikapita kwawo timadya nsima m'mbale imodzi.

Kunena za chimangirizo cha mwana wanu, mayi, aphunzitsiwo anachonga molondola, ngakhale kuti eni Chingerezi nawonso amasakaniza mawu awiriwa pocheza. Muuzeni alembe kuti "malaria is an infectious disease spread by mosquitoes", ndipo "contagious" awasungire chikuku, mphere ndi chimfine.