Musathamangire kupaka simenti pa makoma akalewo

Bambo, maganizo oti inu ophunzira akale mukonze nyumba zakale za pa Dedza Secondary School ndi abwino, koma musayambe ntchito musanakambirane ndi mphunzitsi wamkulu komanso Unduna wa Zamaphunziro, popeza nyumbazo ndi za boma. Sukuluyi, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la bokosi lake la ku positi ofesi, Box 48, inatsegulidwa mu 1951, choncho ndi bwinonso kufunsa a Department of Museums and Monuments, nthambi ya boma yosamalira zinthu zakale, ngati pali nyumba zotetezedwa ndi lamulo.

Ndinaonapo nyumba ina yakale ya positi ofesi, yomangidwa ndi njerwa zootcha ndi dothi, itapakidwa pulasitala wa simenti. Chinyezi chinatsekeredwa m'kati, ndipo patapita zaka zochepa pulasitalayo anayamba kufufuma ndi kugwa pamodzi ndi nkhope ya njerwa. Kuno ku Dedza, kumene nkhungu imakuta phiri m'miyezi yozizira, khoma lotere limafuna pulasitala wa laimu kuti lizipuma, ndiko kuti chinyezi chizitha kutuluka. Yambani ndi denga lodontha ndi ngalande zamadzi, penti adikire.

Mukaona ming'alu yotsika mpaka ku maziko, kapena denga la asibesitosi, itanani injiniya wodziwa za zomangamanga amisiri asanakhudze chilichonse.