Mchere wa kukhitchini m'malo mwa feteleza wa MOP pa nthochi?

Mlimi wina wa kufupi ndi mtsinje wa Bua ku Nkhotakota wanditumizira imelo. Akuti feteleza wa MOP, amene amapatsa mbewu potaziyamu, wakwera mtengo, ndipo wamva kuti sodiyamu wa mu mchere amagwira ntchito yofanana ndi potaziyamu. Akufunsa ngati angamathire mchere pa mapando a nthochi zake.

Bambo, chonde musathire.

Zimene munamvazo zili ndi poyambira. Mbewu zina monga bitiruti zimagwiritsadi ntchito sodiyamu pokoka ndi kusunga madzi m'masamba potaziyamu akachepa. Ku Philippines amathira mchere pa mitengo ya kokonati, koma chimene mitengoyo imafuna kwambiri mu mcherewo ndi kloraidi, osati sodiyamu. Nthochi ndi ina. Imadya potaziyamu wambiri kuposa nayitrojeni, ndipo ntchito yaikulu ya potaziyamuyo ndi kunyamula shuga kuchoka m'masamba kukadzaza mkoko. Ntchito imeneyi sodiyamu saitha. Nthochi yosowa potaziyamu imadziwika: masamba akale amasanduka achikasu chofiirira kuyambira kunsonga, nsongayo n'kupindikira pansi, tsamba n'kuuma msanga. Mkoko umatuluka waung'ono, nthochi zake zoonda. Mukathirapo mchere, njalayo ikhalapobe, ndipo m'mphepete mwa masamba muyamba kupsa chifukwa nthochi sipirira mchere.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi dothi. Sodiyamu akachuluka m'dothi la makande, monga la m'madambo a kuno kunyanja, limamatana, pamwamba n'kuuma gwa, madzi n'kumangoima osalowa pansi. Amene anaonapo minda yoyera mchere ku Chikwawa akudziwa kuti kubweza nthaka yotero si ntchito ya chaka chimodzi. Ndipo inu mumathirira m'chilimwe, pamene kulibe mvula yoti itsuke mcherewo.

Vuto lanu la potaziyamu ndi lenileni, sindikulipeputsa. MOP ali ndi potashi (potaziyamu wa mu feteleza) wokwana 60 pa 100 alionse, pamene feteleza wa 23:21:0+4S amene tinazolowera alibe n'komwe, ndipo 23:10:5+6S+1Zn ali ndi 5 yekha. Choncho feteleza wa chimanga sangakhutitse nthochi.

Koma kwanuko potaziyamu alipo kale m'zinthu zimene mumatentha chaka ndi chaka. Mapesi a mpunga otsala mukamenya ali naye wambiri. Ayaleni mochindikala kuzungulira phando, motalikirako pang'ono ndi tsinde. Thunthu limene mwadulapo mkoko liduleni timapisi, lisiyeni pomwepo pamodzi ndi masamba ndi makoko. Phulusa la pamoto nalonso ndi potashi, yemwe uja amayi amasungunula popanga chidulo cha therere. Liwazeni pang'onopang'ono, musaliunjike pamizu, ndipo musalisakanize ndi yureya chifukwa nayitrojeni amauluka. Onjezerani manyowa a ng'ombe owola bwino. Pa phando siyani nthochi zitatu zokha, mayi, mwana ndi mdzukulu, kuti zisalimbirane chakudya. MOP wochepa amene mungakwanitse mumugawe kawiri kapena katatu, dothi lili lonyowa.

Chinanso, Nkhotakota inavutika kale ndi matenda a chisaka. Ngati masamba atsopano akutuluka aang'ono, oimirira ndi othinana pamwamba, imeneyo si njala ya potaziyamu. Itanani alangizi adzaone, chifukwa phando lotero ndi lozula.