Mphwanga, gula kope usanagule tikiti ya ku Joni

Mphwanga, wafunsa kuti ife amene takalamba tikulemba nkhani tingawauze chiyani achinyamata, makamaka iwe amene wamaliza Fomu 4 ndipo anzako akukukokera ku Joni. Langizo langa ndi limodzi, ndipo ndikulinena ndi mtima wonse: gula kope ndi cholembera, uzilemba.

Uyambe ndi ndalama. Pita padoko ku Msaka kapena ku Malembo m'mawa maboti akamakocheza, uone anyamata akugawana za usipa. Thumba latupa, nkhope zawala. Pofika madzulo zina zapita pa kubetcha mpira pafoni, zina ku bawa, zina pa Airtel Money kwa chibwenzi. Funsa mmodzi kuti mwezi uno wapeza zingati, angokuyang'ana. Nyengo yotseka nyanja ikafika, uyo wayamba kugogoda kwa akatapila. Munthu wolemba zonse zolowa ndi zotuluka, ngakhale za chiwaya, amachita manyazi akatsegula kope lake usiku, ndipo manyazi amenewo ndi amene amamusungira ndalama.

Za ku Joni sindikukuletsa. Nyumba zambiri zamalata ku Namwera ndi ku Makanjira zinamangidwa ndi thukuta la kumeneko. Koma usaiwale mabasi amene anabweretsa abale athu mu 2015 anthu akunja atayamba kuchitidwa chipongwe, ena atangonyamula kajumbo kokha. Ngati upita, pita ndi pasipoti yako, ndiponso luso lili m'manja: utelala, kuwotcherera, ukalipentala. Fufuza za maphunziro a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, kapena khala pakhonde la mmisiri chaka chathunthu. Ndiye ukadzayamba kutumiza ndalama zomangira nyumba, lemba tsiku, kuchuluka kwake ndi amene walandira. Mgwirizano wa malo ulembedwe pamaso pa amfumu ndi mboni. Zimandiwawa kuona mnyamata akubwera patatha zaka, napeza maziko okha atamera udzu, amalume akuti simenti inakwera mtengo, umboni palibe.

China chimene chimandisowetsa tulo ndi agogo athu. Akupita ndi zonse zimene akudziwa. Alipo amene anaona chambo chikudzaza bwato pa nyanja ya Malombe, amene amadziwa kuti mwera ukayamba chonchi usalowe pamadzi, amene amatha kutchula mzere wa mbumba yanu mpaka kumene munachokera. Khala nawo pamphasa, uwafunse, ulembe m'Chiyao kapena m'Chichewa momwe akulankhuliramo, osakonza.

Usaganize kuti kulemba ndi kwa a m'tauni okha. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anabadwira kwa Kadango konkuno ku Mangochi, ndipo boma la nthawi imeneyo linamutsekera kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osamuzenga mlandu. Iwe lero palibe amene angakulande cholembera.

Loweruka likubwerali pita kwa agogo ako aakazi, akakuyendetse m'malire a munda wanu. Akakusonyeze mtengo kapena chulu chimene munda umathera, akuuzenso amene analipo tsiku logawa malowo. Ukalembe zonsezo ndi deti lake, amalume ndi amfumu akaone.